Akapempha chithunzi chanu cha ndege, chachikulu chikhale kaye

Nkhani ya chithunzi changa cha ndege ya mtundu wa Q400 yatha tsopano, ndalama zalowa pa Mpamba, ndiye ndati ndifotokoze kuti anzanga ojambula ndege musazunzike ngati ine. Kwathu kuno ku Dedza ndege timangoziona zikudutsa mitambo. Ndikafuna kujambula ndimakwera minibasi pa M1, kudutsa Lilongwe mpaka ku Lumbadzi, kufupi ndi bwalo la Kamuzu, n'kudikira padzuwa kuti ndege ya Malawi Airlines kapena ya Ethiopian itere. Thiransipoti yokha imeneyo ndi ndalama. Ndiye munthu akandilembera pa WhatsApp kuti "achimwene, titumizireni chithunzi chija, dzina lanu tililemba pansi," mtima umandiwawa.

Opempha sakhala ofanana. Mwana wasukulu wofuna chithunzi cha Boeing 737 pa ntchito ya m'kalasi ndimamupatsa mwaulere, bola alembe dzina langa. Koma amene anandipeza ulendo uno ndi kampani ina yogulitsa matikiti a ndege, yofuna kutsatsira malonda ake pa Facebook. Amenewo akudya nacho chithunzicho, alipire.

Musanayankhe za mtengo, afunseni kumene akachiike, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati adzachisindikize pa kalendala kapena pachikwangwani. Mayankho abwere olembedwa, osati pafoni. Kenako muwatumizire chaching'ono, dzina lanu litapingasa pakati. Chachikulu chikhale kaye mpaka ndalama zitalowa.

A kampani aja anayamba ndi kundifunsa ngati chithunzicho ndinachilembetsa kwinakwake. Musaopsezedwe nazo zimenezo. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi, ndipo umwini umayamba pamene mwajambula, sudikira kulembetsa. Kuika chithunzi pa intaneti sikutanthauza kuti mwachitaya. Ofuna kumva zambiri, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso ndi COSOMA, lomwe lakhalapo kuyambira 1992. Umboni wanu weniweni ndi fayilo yochokera mu kamera, ya RAW ija, chifukwa imasunga tsiku, nthawi ndi mtundu wa kamera. Imeneyo sindipatsa munthu.

Chimene chinandikwiyitsa ndi tsiku losainira. Tinagwirizana mtengo bwinobwino, kalata ndinalemba ndekha ya tsamba limodzi: chithunzi chimodzi, chaka chimodzi, pa Facebook ndi webusaiti yawo basi, osapereka kwa wina. Ndinawapempha kuti asaine, ajambule, anditumizire. Ayi, akuti abwana amafuna kuonana ndi munthu maso ndi maso. Ndinadzuka m'bandakucha, kuzizira kwa ku Dedza kuno mukukudziwa, ndinatseka kashopu kanga, ulendo wa ku Lilongwe. Kufika, abwana ali ku msonkhano. Ndinakhala pabenchi mpaka nthawi ya nkhomaliro, mayi wapakhomo akungoti "abambo, dikirani pang'ono." Dzuwa litapendeka ndi pamene wa zachuma anatuluka n'kundiuza kuti popanda invoisi ndi TPIN (nambala ya wolipira msonkho) ya ku MRA sangalipire. Zinthu zoti akanandiuza pa uthenga umodzi! Ndinabwerera usiku, m'thumba mutapepuka, makasitomala atapita kwina. Kenako kalata yomweyo anadzasaina n'kunditumizira pa WhatsApp, mmene ndinanenera poyamba paja.

Ndiye kampani ikakupezani, funsiranitu mapepala amene akufuna, TPIN mukhale nayo, ndipo mufunse ngati adulapo msonkho kuti mtengo muuwerengere limodzi. Musakwere minibasi chifukwa cha siginecha.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Pakati pa zokambirana anafuna kufufuta dzina la kampani ya ndege n'kuikapo chizindikiro chawo, kuti izioneka ngati ndege yawo. Ndinakaniratu, ndipo ndinawonjezera mzere m'kalata woti chithunzi chisasinthidwe. Chithunzi ndi changa, koma dzina ndi mitundu ya pa ndegeyo ili ndi eni ake, ndipo mlandu ukabuka dzina limene lili pansipo ndi langa.

Tsiku lija ndili pabenchi, mnyamata wawo wa zojambulajambula anabwera ndi fulashi, akuti ndimukopere chachikulu ayambiretu ntchito, ndalama zibwera Lachisanu. Ndinamuuza kuti kompyuta ndaisiya ku Dedza, ndipo ngakhale ikanakhala pamwendo panga sakanachipeza. Chachikulu ndinatumiza uthenga wa Mpamba utalira, ndipo chinali JPEG, fayilo wamba ya zithunzi, osati RAW ija.