Ku Kazan, m'chipinda chomwe Butlerov ankaphunzitsira

Sitima ya pamtunda ya usiku yochokera ku Moscow inandifikitsa ku Kazan, mzinda wa m'dziko la Russia, m'mamawa patatha maola pafupifupi 12, ndipo za m'njiramo ndilibe chonena chifukwa ndinagona tulo tofa nato. Amene mukufuna kuyenda ulendowu mugule tikiti ya bedi la pansi, popeza kukwera la pamwamba mutavala zovala zochindikala n'chintchito. Chimene chinandipititsa kumeneko ndi labotale yakale ya chemistry yomwe ili kuseri kwa nyumba yaikulu ya yunivesite pa msewu wa Kremlyovskaya, ndipo masiku ano imasunga mbiri ya akatswiri amene anagwiramo ntchito.

Ndinazungulira pabwalopo nthawi yaitali osapeza khomo, mpaka nsapato zanga zinanyowa ndi chipale chofewa. Mayi wina wachikulire atandiona ndikunjenjemera anandikodola, nandiuza kuti, "Mwanawe, vula kaye nsapatozo usanadwale." Anaziyanika pafupi ndi paipi yotenthetsera nyumba, anandibwereka masilipasi a ubweya, kenaka ananditsogolera m'chipinda chophunzitsira cha mabenchi a matabwa okwera ngati masitepe. Atandikhazika pa benchi ya kutsogolo anayamba kusimba za Aleksandr Butlerov, katswiri wa chemistry yemwe anabadwira ku Chistopol mu 1828, ndipo ankamusimba ngati m'bale wake. Anati ali mwana pasukulu yogonera komweko anaphulitsa mankhwala, aphunzitsi nkumupachika chikwangwani pakhosi chomunyoza kuti ndi katswiri wamkulu wa chemistry. Anandionetsanso timabotolo tosunga zimene aphunzitsi ake a pa yunivesiteyi anapanga: mankhwala a aniline a Nikolai Zinin, amene anapeza njira yowapangira kuchokera ku mankhwala ena otchedwa nitrobenzene mu 1842, ndi chitsulo cha ruthenium chomwe Karl Claus anatulukira mu 1844.

Ndili pa benchipo ndinamva kuwawa mumtima. Kusukulu tinaloweza malamulo awiri a chemistry, la Markovnikov ndi la Zaitsev, mpaka kumalota nawo, koma palibe anatiuza kuti akatswiri awiri onsewa anaphunzira kwa munthu mmodzi, Butlerov, mu mzinda uno. Mu 1861, pa msonkhano wa asayansi ku Speyer m'dziko la Germany, Butlerov anafotokoza kuti khalidwe la mankhwala silidalira mtundu ndi chiwerengero cha maatomu chokha, koma limadaliranso dongosolo lomwe maatomuwo alumikizirana. Sanalekere pa kunena pakamwa, chifukwa analosera kuti payenera kukhala mankhwala a maatomu ofanana koma olumikizana mosiyana, ndipo iye mwini anapanga ena mwa iwo, monga tert-butyl alcohol ndi isobutane.

Ndinafunsa amayiwo za akatswiri ena awiri a chemistry, August Kekulé ndi Archibald Couper, amene mu 1858 anali atalemba kale kuti maatomu a carbon amagwirana ngati unyolo. Sanakwiye, koma anavomera kuti mabuku a nthawi ya Soviet Union ankamupatsa Butlerov ulemu wonse yekha, pamene mabuku ambiri a kwa azungu a kumadzulo ankangomudumpha. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zinalakwa. Kekulé ndi Couper ndiwo anayamba kulima mundawo, koma Butlerov ndiye anasandutsa ganizolo kukhala chiphunzitso choti munthu angachiyese m'labotale, ndipo ataitanidwa ku St Petersburg mu 1868 anasiya ophunzira omwe anapitiriza ntchitoyo ku Kazan. Chinandikhudzanso n'chakuti munthu yemweyu anali mlimi wa njuchi wodziwika, ndipo anamwalirira kumudzi kwake ku Butlerovka mu 1886.

Nsapato zitauma ndinayesa kuwapatsa amayiwo kangachepe, koma anakana kwamtuwagalu, nandilozera kumene ndingagule echpochmak, mkate wa makona atatu wa nyama ndi mbatatesi, womwe sunandidyere ndalama zambiri. Ndinadya ndikuyenda kupita ku chiboliboli cha Butlerov pafupi ndi paki ya Lenin, ndipo ndinachipeza chitakutidwa ndi chipale chofewa m'mapewa, ana asukulu akudutsa mothamanga osachiyang'ana.