Usiku umene chifuwa changa chinayaka m'siwa

Popeza amayi anzanga a Mvano ayamba kale kunditchula kuti Mayi Nyali, ndipo ena akuuza anthu kuti ndinaunikira mudzi wonse mpaka kumanda, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha zimene zinachitika pamaliro a amalume awo a amuna anga ku Chiradzulu.

Yunifolomu yathu ilibe thumba. Bulauzi yoyera ilibe, siketi yakuda ilibe, ndipo chitenje chimene timamanga pamwamba pake chilibenso. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri foni yanga inkakhala pachifuwa, mkati mwa zovala, pamodzi ndi ndalama ya minibasi, ndipo sinandichititsepo manyazi. Inali Nokia 1100, ija inatuluka mu 2003, yosakwana n'komwe magalamu 100, imene ukangodina Menu ndi kanyenyezi inkakhala duu ngati mwana wolangidwa bwino. Chaka chatha mwana wanga wa ku Johannesburg ananditumizira foni yamakono, yagalasi lokhalokha, yotambalala ngati chipande. Ndinaiika pamalo omwe aja chifukwa panalibe pena poiika.

Usiku wa malirowo tinadzazana m'siwa, ndipo unali mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu. Kandulo imodzi yokha ndiyo inkayaka pakona. Ndinali nditangowerenga uthenga wa achibale amene ankabwera m'mawa mwake, ndipo ndinabweza foni pachifuwa osaitseka. Galasi la mafoni amenewa limamva khungu, koma silisiyanitsa chala ndi chifuwa, choncho chifuwa changa chinayamba kudina chokha mpaka chinapeza tochi.

Ine sindinadziwe kanthu, chifukwa ndinali ndikutsogolera nyimbo nditatsinzina. Ndinangomva mawu a anzanga akuchepa mmodzimmodzi, ndipo mumtima ndinati mawu anga awakhudza kwambiri moti akulephera kuyimba, kotero ndinakweza mawu. Amene ankaona akuti bulauzi yonse inasanduka galasi la nyali, ndipo mmene ndinkapendekera uku ndi uku motsatira nyimbo, kuwala kunkachoka pakhoma, kudutsa pankhope za anamfedwa, kukafika kudenga, n'kubwereranso. Agogo ena anayamba kukwawira kukhomo mwakachetechete atanyamula nsapato m'manja. Ena anasuzumira kumene kunagona malemu kuti aone ngati nkhaniyi ikuchokera kumeneko. Ine ndime yachitatu, ndekhandekha, ndi mtima wonse.

Apongozi anga anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti, "Apongozi, mwayaka." Ndinaganiza kuti akunena za mzimu, ndipo ndinayankha kuti, "Ameni, amayi."

Nditatsekula maso ndinaona mthunzi wa chibwano changa uli padenga, waukulu ngati mtondo. Mayi wamkulu ngati ine sangapise dzanja m'bulauzi pamaso pa apongozi ndi maliro, choncho ndinayesa kuzimitsa podina pamwamba pa nsalu. Tochi sinazime. M'malo mwake chifuwa changa chinayankhula mokweza ndi mawu a mlamu wanga, amene anali atatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp: "Alamu, kodi kwaphedwa mbuzi kapena ndi nyemba zokhazokha? Mundiuze ndisanakwere galimoto." Ndinatuluka chowerama monga mwa ulemu, kuwala kukunditsogolera pansi, ndipo podutsa pamoto pamene panakhala abambo, mkulu wina anandipempha mwaulemu kuti ndiime kaye pomwepo chifukwa anali atataya chikwanje.

Ndikuvomera kuti ndinaiwala kutseka foni, koma mlanduwu si wanga ndekha. Amene amapanga mafoni amenewa amaganizira munthu wovala buluku la matumba akuya kapena wonyamula chikwama, ndipo sindikhulupirira kuti anaonapo mayi akuchokera kuchigayo, mwana kumsana, thumba la ufa pamutu, manja onse ali ndi ntchito. Pitani mumsika wa Limbe mukaone kumene amayi ogulitsa tomato amasunga foni. Ena amaimangirira pangodya ya chitenje pamodzi ndi chenji, ena amaipana m'chiuno, ena amaiika pamene ndinaiika ine. Yaing'ono ija inkalowa pamfundo ya chitenje, ndipo mafoni ambiri a nthawi imeneyo anali ndi kabowo kolowetsa chingwe kuti munthu akoloweke m'khosi. Yanga yatsopanoyi ilibe kabowo, imaterera ngati mlamba, ndipo imamvera aliyense woikhudza, ngakhale thukuta. Nawonso abambo amene amandiseka asaiwale kuti zawo zimatulukira theka m'thumba lakumbuyo, ndipo akazikhalira m'minibasi galasi limasweka.

Mwana wanga atamva nkhaniyi anaseka mpaka kutsamwa, kenako ananditumizira chikopa chokhala ndi chivundikiro, chimene chinathetsadi vuto la tochi chifukwa tsopano foniyo sikwananso pachifuwa. Ndimainyamulira m'jumbo pamodzi ndi buku la nyimbo, ndipo ndaiiwala kale kawiri pabenchi kutchalitchi. Mlamu wanga uja anabwerabe kumaliro, ndipo anadya nyemba.