Loweruka la nsapato, madzi ndi mandasi

Ndadzuka kusanache, kunja kuli kachisanu ka Meyi ka kuno ku Adelaide, m'dziko la Australia. M'chikwama ndaikamo mabotolo a madzi ndi thumba la mpunga kuti msana uzolowere katundu, ndiye ndakwera njira ya ku Waterfall Gully mpaka pamwamba pa Mount Lofty, mamita 727. Pokwera mtima unali bwino. Potsika ndi pamene nsapato zatsopanozi zayamba kundidya chala chachikulu cha kumanzere, ndipo pofika pa galimoto kachithuza kanali katatuluka kale. Bola katuluke lero, ndili pafupi ndi nyumba, kusiyana ndi mu Julaye ndili pakati pa miyala.

Kumene tikupitako mu Julayemo ndi ku Larapinta, njira ya makilomita 223 yoyambira ku Telegraph Station ku Alice Springs, tauni ya pakati pa Australia, kudutsa m'mapiri a West MacDonnell, amene eni nthaka, a Arrernte, amawatcha Tjoritja. Ili ndi zigawo 12. Gulu lathu lidzangoyenda zina mwa izo, kugona m'matenti, n'kumalizira pa Mount Sonder, mamita 1,380. Phirilo timanyamukira ku Redbank Gorge usiku, tochi pamphumi, kuti dzuwa likatitulukire tili pamwamba. Kutalika kwake sikundiopsa, Sapitwa amaliposa kawiri. Chimene chikundisowetsa tulo ndi madzi. Mitsinje ya kumeneko nthawi zambiri ndi mchenga wokhawokha. Madzi amapezeka m'mathanki poyambira zigawo, ndipo nawonso amafunika kuwathira mankhwala kapena kuwawiritsa. Pakatipo umamwa okhawo uli nawo kumsana.

Masana ndawathera pa mphasa pabalaza ndi sikelo ya kukhitchini, kupima chilichonse. Masokosi aubweya, chipewa chachikulu, kaukonde kotchinga ntchentche kumaso, bandeji yokulunga mwendo njoka ikaluma, chikwama chogonamo cholimbana ndi chisanu, pakuti usiku wa Julaye m'chipululumo madzi amatha kuundana. Zotchinga m'miyendo ndinkaziona ngati zosafunika kwenikweni, koma mnzanga wina amene anayendako wandionetsa zipsera za udzu wa spinifex, wobaya ngati singano. Ndazigula.

Chamadzulo ndakazinga mandasi okagulitsa mawa tikaweruka ku tchalitchi. Ndalama zonse zikupita ku Royal Flying Doctor Service, madokotala oyenda pa ndege amene John Flynn anawayambitsa mu 1928 ku Cloncurry. Manda ake ali kunja pang'ono kwa Alice Springs, m'mbali mwa msewu womwe tidzadutse. Ine ndimagwira ntchito m'chipatala, ndipo ndawaonapo odwala otsika m'ndege zimenezi: mayi woyembekezera amene zamuvuta, mnyamata wa ku famu ya ng'ombe wogwa pa njinga yamoto, gogo wa impso. Kuchokera ku Alice Springs kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 1,500 pa msewu. Popanda ndege, ambiri a iwo sakanafika amoyo. Anthu ena amafunsa kuti dziko lolemera chonchi likupemphetsanso bwanji. Ine ndimawayankha kuti mtunda sudziwa kulemera kwa dziko, ndipo amene umawapweteka kwambiri ndi a m'midzi ya eni nthaka.

Amayi ayimba mafuta ali pamoto. “Iwe mwana, wapita kutali konseko kukagona pa tchire? Nanga njoka?” Ndawauza kuti tili ndi otitsogolera odziwa njira, komanso kachipangizo koitanira thandizo kudzera pa setilaiti. Sanakhutire, koma akuti Lachinayi akaitula nkhaniyi kwa amayi anzawo a Mvano kuti azindipempherera. Andiuzanso kuti mandasi asamachepe shuga, azungu asaganize kuti kwathu sitidziwa kuphika.

Chala ndachimata pulasitala. Mawa ndivala nsapato zomwezi popita ku tchalitchi, ngakhale sizigwirizana ndi chitenje, kuti zipitirize kufewa.