Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tsiku lomwe ndinawerenga abakha osadya n'mmodzi yemwe

Gawo lapita ndinakusiyani ndili ku Leicester, ku England, usiku kusamalira okalamba, masana kugona ngati mleme. Amene ananditulutsa m'nyumba anali bambo wina wachikulire wakutchalitchi kwathu. Loweruka lina mu Januwale anandiimbira foni: "Mawa mukandithandize kulemba. Maso akadalipo, koma zala zikumauma."

Tinafika ku Egleton, m'mbali mwa Rutland Water, kusanache bwino. Nyanjayi ndi damu lomwe anamanga m'zaka za m'ma 1970 kuti lisunge madzi akumwa, koma mbalame zinalilanda kalekale. Kuzizira kwake, abale, chisanu cha ku Dedza n'chamasewera. Udzu unali mbuu, ukuphwanyika pansi pa nsapato ngati magalasi.

Tili m'kanyumba kamatabwa kobisaliramo, anandifotokozera kuti Lamlungu limodzi pamwezi anthu ongodzipereka m'Britain monse amawerenga mbalame za m'madzi tsiku lofanana, kuti bakha wouluka kuchoka nyanja ina kupita ina asalembedwe kawiri. Ziwerengerozo amazitumiza ku bungwe lofufuza za mbalame la BTO (British Trust for Ornithology). Abakha ambiri tinkawaonawo, monga wigeon ndi teal, amachokera ku Russia ndi ku Scandinavia kuthawa madzi oundana. Ndinaseka mpaka misozi. Ine ndikunjenjemera chonchi, iwo akuti afika kofunda!

Tsono ine ndinakulira ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa. Bambo anga ankatchera mbalame m'mabango ndi ulimbo ndi misampha, mayi n'kumazikazinga zogulitsa pamsika. Kudzukira m'mamawa kukawerenga bakha yemwe sudya, mumtimamu ndinkati azungu zinawakwana. Ndinadzamva pambuyo pake kuti Chilwa ndi Rutland Water zonse zili m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse: Rutland Water inalowa mu 1991, yathu mu 1996.

Kawerengedwe kake n'kosavuta kunena. Umawerenga khumi, n'kusunga m'diso kukula kwa kagulu kameneko, kenako n'kumakayeza pagulu lonse: khumi, makumi awiri, makumi atatu. Tili pakati, kunadutsa kabawi, gulu lonse pululu m'mwamba. Tiyambirenso.

Atateranso, ndinangoyang'ana kamodzi n'kutchula nambala, mkamwa mwanditsogolera. Mkuluyo anawerenga mwafatse ndi makina ake oonera patali, ndipo tinasiyana pang'ono chabe. Anatembenuka.

"Munaphunzira kuti zimenezi?"

Ndinazengereza, poti anthu okonda mbalame kunoko nkhani yotchera saimva bwino. Komabe ndinawauza: bambo anga ankaima pabwato mbandakucha, kuyang'ana gulu latera, n'kudziwiratu misampha yoti atchere. Ine ndinali kumbuyo ndi mponda. Fizi yanga ya sekondale inachokera m'nthenga zimenezo.

Anakhala chete nthawi ndithu, akuthira tiyi wa m'fulasiki m'makapu awiri. Kenako, motsitsa mawu ngati abakhawo akumva, anafunsa: "Amakoma?"

"Ndi nsima yamgaiwa, bambo, musafunse."

Anandipatsa makina aja, iwo n'kutenga pensulo.