Boerboel wa Lachitatu ndi kilipa yathu yobuntha

Sabata ino ntchito kuchipatala cha ziweto inali yomwe ija anzanga, katemera wa chiwewe, tiana ta agalu todwala parvo (matenda osanzitsa ndi kutsegula m'mimba) pa dripu, amphaka ofula, nkhupakupa zodzaza m'makutu poti mvula yayamba. Zonsezo ndilibe nazo mawu. Chandipweteka mtima mpaka lero ndi galu wa mtundu wa Boerboel amene anabwera Lachitatu.

Anabwera naye ndi mlonda, eni ake anangotumiza uthenga pa WhatsApp kuti mumuwenge zikhadabo basi. Chigalu chachikulu koma mchira uli pakati pa miyendo, kunjenjemera thupi lonse, kunyambita milomo, pomwe waponda pasimenti pakutsala chinyezi. Mlonda uja akuti masana onse amakhala motsekeredwa m'kakhola, amamutulutsa usiku wokha, nanga zikhadabo zingaperepeseke bwanji? Zinatalika mpaka zala kupotoka, ndipo kachikhadabo kam'mbali kaja kosafika pansi kanapindika n'kulowa mumnofu, mafinya ali kale mbwee.

Zikhadabo zake zakuda bii, ndiye mukudziwa nokha kuti mtsempha wamkati suoneka komanso umatalika limodzi ndi chikhadabo, choncho munthu umayenera kuchotsa pang'onopang'ono uku ukuyang'ana kadontho kakuda pakati, zomwe sizitheka galu akukoka mwendo. Ndinapempha kuti timugoneke kaye. Abwana athu akuti ayi, mankhwala atsala ochepa chifukwa cha forex, tikusungira maopaleshoni, kuwenga zikhadabo ndi ntchito ya mphindi zisanu. Anaitana anyamata atatu kuti amupanikize pa tebulo lachitsulo loterera lija, muzzle (chotsekera galu pakamwa) ya saizi yake tilibe ndiye anam'manga pakamwa ndi bandeji, kunja kukutentha galu osatha kupuma bwino. Kilipa yowengera zikhadabo ya pa ofesi ndiye musakambe, inabuntha kalekale, m'malo modula imafinya chikhadabo n'kuching'amba, ndakhala ndikuilemba m'buku la zofunika kugula koma zii.

Chikhadabo choyamba chomwe galu analira kulira koti sindidzaiwala, n'kudzikodzera pomwepo. Ndinaika kilipa pansi. Ndinati abwana pepani, ine motere sindipitiriza, galuyu sakulusa ayi akuopa, ndipo wina alumidwa pano.

Tinatuluka naye kuseri pamthunzi, ndinayala chiguduli pansi, anyamata aja ndinawauza kuti abwerere ku ntchito zawo. Ndinati achimwene khalani naye inuyo poti amakudziwani, muzingomusisita pachifuwa. Tinamasula bandeji, tinakhala phee mpaka kupuma kunabwerera m'malo. Ndinapaka chiponde m'mbale, ndinatulutsa kilipa yanga yomwe ndinagula ndi ndalama za m'thumba mwanga, kugwira phazi n'kusiya, kugwiranso n'kusiya, kenako kansonga kamodzi, kupumula, kansonga kena. Chimodzi chinatuluka timagazi, ufa woletsa magazi uja wa styptic powder unatha chaka chatha ndiye ndinadinda mankhwala ena a potassium permanganate ndi thonje, galu anangocheuka n'kubwerera ku chiponde chake. Kam'mbali kaja kokha ndi komwe adokotala atakaona mafinya anavomera jakisoni, tinakachotsa atagona, kutsuka bala, ma antibiotic.

Mlonda uja pochoka anandiuza kuti ulendo watha anamuwenga kunyumba ndi pulayazi atam'manga pamtengo. Ndinam'pempha abwerenso naye pakatha masabata awiri tizichotsa pang'onopang'ono kuti mtsempha uzibwerera m'mbuyo, komanso aziyenda naye pamsewu madzulo. Anati akawauza abwana ake, koma nkhope yake inaonetseratu kuti mawu a mlonda kumeneko sapita patali.

Lachinayi linadutsa bwino, kamodzi mwa tiana ta parvo tija kayamba kudya. Lachisanu pa miting'i ndinadzudzulidwa pamaso pa anthu kuti ndinataya ola lathunthu pa ntchito ya ndalama zochepa makasitomala akudikira. Katundu wa mwezi uno wafika madzulo omwewo, makatoni a shampu ndi makolala ogulitsa pa kauntala. Kilipa mulibe, muzzle mulibe.