Usiku umene Penshoni anaswa

Ndalama zanga zopumira pantchito ndinagulira ng'ombe imodzi ya bere, ana n'kuitcha Penshoni. Ine ndinakulira ku Matero, ndipo ng'ombe ndinkaidziwira m'mbale basi. Koma poti tinapeza kapuloti ku Lusaka West, ndinati nanenso anditchule mlimi.

Wogulitsa anandiuza kuti ng'ombe imakhala ndi bere miyezi 9, masiku ngati 283. Nditawerenga pa kalendala, tsiku linagwera mu Juni, nthawi imene chisanu cha mu Lusaka chimalowa mpaka m'mano. Ndinaimbira amalume ku Katete.

"Iwe, ukaona mabere atupa, patsinde pa mchira pafewa, iyo ikungogona n'kudzuka, dziwa kuti yayandikira. Thole limatsogoza miyendo yakutsogolo, mphuno ili pamwamba pake. Usathamangire kukoka."

Ndinavomera ngati ndamva. Madzulo ake ndinasamukira kukhola ndi mbaula, tochi, chingwe, ndowa ya madzi, sopo ndi bulangete. Usiku woyamba, zii. Wachiwiri, zii. Penshoni ankangobzikula, kundiyang'ana ngati wodwalayo ndine. Akangokweza mchira ine ndaimirira kale, tochi m'manja, kenaka phwaa, ndowe.

Usiku wachinayi mayi a kunyumba anandibweretsera tiyi ndi mbatata. "Bambo a Chisomo, ine pobereka ana anu atatu munali kuti?" Sindinayankhe. Ndinamwa tiyi uja, n'kutsamira mzati kuti ndipumitse maso pang'ono chabe.

Ndinadzidzimuka cha m'ma 4 koloko, makala atazima. Kuwalitsa tochi, ndinaona Penshoni akutafuna chinthu chofiira, chonyowa, chikulendewera kukamwa.

"Mayo ine! Ikudya mwana! Thandizeni!"

Ndinalumphira m'khola. Phazi loyamba linatera pa ndowe, ndipo ndinafika kwa ng'ombeyo chokhala pansi. Ndinagwira mbali ina ya chinthu chija n'kuyamba kukoka, iyonso kukoka. Choterera, chofunda, fungo lake sindidzaliiwala. Kenaka Penshoni anaweramitsa mutu n'kupuma mwaukali. Mmene ndinakwerera mpanda sindikudziwa, ndinangopezeka pamwamba, buluku litakodwa pa msomali, nsapato imodzi yatsala pansi.

Oyandikana nawo anafika ndi zibonga, poganiza kuti kwabwera akuba ng'ombe. Pambuyo pawo agogo ena aakazi, amene anaweta ng'ombe kwa zaka zambiri kwawo ku Petauke, anatola tochi yanga n'kuunika pakona. Kathole kanali chiimire, miyendo njenjenje, kanyambitidwa kale mpaka kuuma, kakufunafuna bere.

"Mwana wanga, chimene ukulimbirana ndi ng'ombecho ndi nsapo. Zimadya zimenezo zikaswa. Tsika, usiye mwanayu ayamwe mkaka woyamba, wachikasuwo, ndiwo umamuteteza ku matenda."

Kutsika kunafuna anthu awiri ndi mpeni wodulira buluku. Mayi a kunyumba anandipatsa chitenje chawo, akuseka mpaka kukhala pansi, ndipo anandilamula kusambira panja ndi sopo yemwe uja ndinakonzera ng'ombe.

Kathole kaja ana anakatcha Tulo. Ine dzina langa linasowa: ngakhale kondakitala wa minibasi ya kwathu akandiona amakuwa, "Azamba, kwerani, mpando wakutsogolo ulipo!"