Nsapato za alamu zinatsala ku Boroma

Nsapatozo sizinali zanga. Ndiyambire pamenepo, chifukwa mpaka lero anthu a mumphakati mwathu amanditamanda pa chinthu chimene mwini wake akundilonjererabe ngongole.

Unali mwezi wa Okutobala, mwezi wa Korona, pamene gulu lathu la Akatolika a ku Ulónguè linakonza ulendo wokapemphera kumalo akale a Mpingo m'chigawo chathu cha Tete, kuno ku Mozambique. Tinasonkherana ndalama miyezi itatu, tinachita hayala kabasi, ndipo banja lililonse linatulutsa kanthu ka mtulo wa pa Misa: ena nyemba, ena kabichi, ambiri mbatata ya kachewere, poti kuno ku Angónia mbatata ndiye ng'ombe ya munthu wosauka. Nsapato zanga zinali zitayasama kutsogolo ngati mlamba, ndiye ndinapita kwa alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, kukabwereka zawo. Zakuda, zosongoka, zogula ku Joni. Anandipatsa ndi dzanja limodzi, dzanja linalo likukanirirabe kuchidendene.

"Alamu, izi ndimavala paukwati ndi pamaliro a mfumu basi. Zikabwere mmene zapitiramu."

Tsiku loyamba tinayambira pafupi ndi kwathu, ku Lifidzi, mishoni imene ansembe a Chijezwiti anatsegula mu 1909. Kuchoka apo tinafika ku Chapotera, kumene Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa konkuno ku Angónia, ndi Bambo Sílvio Moreira a ku Portugal anaphedwa pa 30 Okutobala 1985, nkhondo ili mkati. Kumeneko kunalibe woseka. Agogo ena a m'gulu lathu, amene anawaonapo ansembewo ndi maso awo, anavula nsapato n'kuyenda chosavala, misozi ili chuchuchu. Aliyense anawayang'ana mwaulemu. Inenso ndinawayang'ana mwaulemu, koma ndiulule, poti ndinalapa kale: mumtima munalowa kansanje. Zaka 12 ndakhala ndikuwerenga mawu a Mulungu pa Misa, palibe anandiyang'anapo choncho.

Usiku tinagona ku Zóbuè, kufupi ndi malire a Malawi, titapemphera Korona ndi makandulo pamalo oyera a Amayi Maria. Anzanga akuliza mkonono, ine ndinali kumanga mfundo: mawa ku mishoni ya Boroma anthu awa adzadziwa kuti m'gulu muno muli munthu wa pemphero.

Amene sanatsikepo kuchoka ku Angónia kupita ku Tete mu Okutobala sadziwa kuti chigawo chimodzi chingakhale ndi dzuwa lamitundu iwiri. Kwathu m'mawa timadzuka titakumbatira jekete. Pofika ku Moatize, kwa malasha kuja, jekete linali pansi pa mpando, tayi ili m'thumba, ndipo mphepo yolowa pazenera inali ngati munthu wakutsegulira uvuni kumaso. Pa mlatho wa Samora Machel amayi anayambitsa nyimbo mokweza kwambiri, ena atatsinzina. Sindikudziwa ngati chinali chikhulupiriro kapena kuopa Zambezi, madzi ochuluka chotere ife a kumapiri sitinawazolowere. Mumzinda tinaima pang'ono patchalitchi chakale cha São Tiago, tinamwa madzi ofunda ngati tiyi, n'kupitirira.

Boroma ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchoka mumzinda, kulowera kumtunda kwa mtsinje. Tchalitchi cha Yosefe Woyera chili pamwamba pa chitunda, chayang'ana Zambezi, ndipo umachiona uli patali. Akatekisita athu, munthu wokonda mbiri, anaimirira m'basimo n'kufotokoza kuti Ajezwiti anafika kuno m'zaka za m'ma 1880, ndi kuti mu 1910, ufumu utagwa ku Portugal, boma latsopano linawathamangitsa. Anamaliza ndi mawu amene ndinkawadikira: "Titsikira m'munsi muno, tikwera wapansi tikupemphera Korona."

Nthawi inali itadutsa 11 koloko. Ndinakhala pachitseko cha basi, ndinamasula zingwe pang'onopang'ono kuti aliyense aone, ndinavulanso masokosi.

Mayi a kunyumba anandinong'oneza: "Bambo a ana, kuno si ku Domwe kozizira kuja."

"Mayi, izi n'zauzimu, simungazimve."

"Chabwino," anatero. Mkazi wako akangoti chabwino msanga chotero, dziwa kuti wakusiyira mphunzitsi wina.

Panatsala funso la kosunga nsapato. M'basi dalaivala anati apita kumtsinje kukatsuka galimoto, ndipo sindinamukhulupirire. Kuzinyamula m'manja kukanachepetsa ulemerero. Kuzisiya pansi, mbuzi za ku Tete ndinali nditaziona kale zikutafuna katoni. Ndiye anthu ali kalikiliki kufola mzere, ndinakweza chitenje cha padengu lina la mbatata, ndinakankhira nsapato pansi, n'kuvundikiranso bwinobwino. Mumtima ndinati ndikazitulutsa pamwamba.

Tikuoneni Maria woyamba ndinamuyankha ndi mawu a munthu wamkulu. Wachiwiri mawu anayamba kuonda. Pofika wachitatu ndinazindikira kuti chimene ndikupondacho si dothi koma phale lokazingira chimanga. Ndinakweza phazi lamanja, lamanzere linalira. Ndinakweza lamanzere, lamanja linati nanga ine. Ndinathamangira mthunzi wa mlambe, koma milambe mu Okutobala imakhala mbulanda, mthunzi wake ndi wa ndodo. Ndinalumphira pamwala poganiza kuti mwala n'ngozizira ngati kwathu. Abale, musadzayese. Ndinatsikapo ndi liwu limene mulibe m'buku lililonse la mapemphero, n'kukafikira paminga.

Kuyambira apo sindinayendenso, ndinkangojowa: phazi ili gu, linalo m'mwamba, manja balala, korona ikuzungulira ngati chikoti. Ana a pamudzipo anayamba kundilondola akulankhula Chinyungwe chawo, wina n'kumaomba m'manja motsatira mapazi anga. Ndiye agogo aja a ku Chapotera, amene tsiku limenelo anavala nsapato zawo bwinobwino, anafuula:

"Tawaonani! Mngoni weniweni, akumuvinira ngoma Yosefe Woyera!"

Nthungululu inalira. Bambo wina, mnzanga wa m'kwaya, nsanje itamugwira nayenso, anawerama kuti amasule zingwe. Anagwira pansi ndi chikhatho, n'kumanganso zingwe zija mwakachetechete.

Ndinafika pamwamba woyamba, anzanga asanafike n'komwe pakati pa Korona. M'tchalitchimo makoma ndi okhuthala, pansi n'pozizirira, ndipo ndinaima pamenepo ngati ng'ombe padambo, matuza akutukusira. Madengu atafika ndinanyang'ama kulowera kumene anawaika, kumbuyo pafupi ndi khomo. Koma pamenepo panali ataima amayi apampando a bungwe la amayi, munthu amene ngakhale bambo mfumu amamuyankha kuti inde asanamve funso.

"Abambo, mukufunanji?"

"Ndimati ndingokonza chitenjechi, chapendekeka."

"Za Mulungu sitipisamo dzanja. Kakhaleni."

Ndinakakhala.

Pa mawerengo ndi ulaliki sindinamvepo kanthu. Itafika nthawi ya mtulo, atsikana anasenza madengu n'kuyamba kuvina kulowera kuguwa, masitepe awiri kutsogolo, imodzi kumbuyo. Dengu langa linali lachitatu. Mtsikanayo ankavina ndi mtima wonse, mbatata zikusuntha, ndipo pofika pakati pa tchalitchi mphuno yakuda yosongoka inasuzumira kunsi kwa chitenje, ikunyezimira ndi polishi wa alamu. Munthu ungaimike Misa? Ungakweze dzanja n'kunena kuti pepani, nsembe iyo yalakwika?

Wansembe analandira dengulo, anakweza chitenje, n'kuima phee. Anatulutsa nsapato imodzi, kenako inzake. Maso ake anayenda pansi pa mabenchi mpaka anapeza mapazi awiri otupa. Ndinayesa kuwabisa, koma mapazi a mlimi sabisika.

Misa isanathe analankhula m'Chipwitikizi, akatekisita akumasulira, ndipo ndikukayika ngati sanathiremo mchere wawo. Akuti paunsembe wawo analandirapo mbuzi, nkhuku, ngakhale nkhunda, koma sanaonepo munthu wovula nsapato zake zokhazo, n'kukwera chitunda cha Boroma masana chosavala, kuti wosauka avale. Anandiuza kuti ndiimirire. M'manja munaombedwa, nthungululu kawiri. Ulemu umene ndinaulakalaka ku Chapotera unabwera wonse, ndi chiwongoladzanja. Mayi a kunyumba anafunda chitenje kumaso, mapewa akugwedezeka, ndipo amayi oyandikana nawo ankawasisita pamsana poyesa akulira ndi chimwemwe.

Komabe sindinataye mtima. Titatuluka ndinatsimphina kulowera kumene wansembe ankavulira zovala za Misa, ndikusanja Chipwitikizi changa cha kumsika. Ndinangoti "Padre, sapato..." iye n'kundigwira manja onse awiri, "Obrigado, obrigado," n'kundilemba mtanda pachipumi. Ndisanapeze liwu lotsatira, panatulukira nkhalamba ina imene imasesa m'tchalitchimo, ikuyenda mosamala ngati ikuponda mazira. Kumapazi kwake kunali nsapato za alamu. Zinaikwana ngati anachita kuiyeza ku Joni komweko. Inandigwira dzanja, inati "Tatenda," maso ali ndi misozi.

"Palibe kanthu, agogo," ndinatero. Nanenso misozi inalengeza, koma yanga inali ya nkhani ina.

Mumzinda wa Tete mayi a kunyumba anandigulira mapatapata, koma matuza anakana. Ulendo wonse wobwerera, makilomita opitirira 200, ndinayenda mapazi atakulungidwa m'chitenje chonyowa, chomwe chija chinavundikira dengu. Pokwera mapiri a kwathu usiku chitenjecho chinazizira ngati madzi a m'mtsuko, moti tsiku limodzi lomwelo mapazi anga anapsa n'kuchitanso dzanzi.

Nkhani inali itafika kale pa WhatsApp, ndi kanema wa ngoma yemwe. Alamu tinawapeza pamalo otsikira basi, atapinda manja. Sanayang'ane nkhope yanga, anayang'ana pansi.

"Alamu, ndamva kuti ndapereka nsembe ku Boroma."

Tinakambirana mpaka pakati pa usiku. Tinagwirizana matumba atatu a mbatata ndikakolola. Ine ndinapempha kuti achotsepo limodzi, poti dzuwa linaotcha ine. Iwo anati ayi: nsapato zinali zawo, ndiye madalitso ndi awo, langa ndi ngongole ndi matuza. Awiri ndinapereka, lachitatu likadali pakamwa.

Sabata yatha amayi apampando analengeza m'tchalitchi kuti chaka chino tibwereranso ku Boroma, ndipo apempha kuti ine ndidzatsogolere amuna onse kukwera chosavala. Amuna a m'kwaya asiya kundipatsa moni. Alamu nawo, akangondiona ndikulowa pachipata chawo, amatuma mwana kuti akalowetse njinga m'nyumba.